Kompeyadi wamng'ono

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno aphunzitsi Kalimanjira akadali moyo. Ndayamba ndi iwo chifukwa ndikayamba ndi mvula ndidzalemba za mvula mpaka pepala kutha, osanena chimene chandigwiritsa cholembera. Inu munapita, malume Zakeyo anapita kalekale, Lazaro wakutsatirani chaka chathachi, koma munthu amene anandivula dzina ndili mwana akumwabe phala la shuga pakhonde la mwana wake kufupi ndi ku Ludzi. Ndawaona ndi maso angawa.

Nkhani za kuno si zambiri. Mvula inachedwa, kenaka inabwera yonse pamodzi ngati yakwiya. Chimanga cha kudambo chinamira. Cha kumtunda chinayesako pomwe tinathira feteleza wa kuponi, koma mizere yotsala inangokhala yachikasu ngati ikudwala. Fodya ndinasiya, msana sulolanso kuwerama pa nazale, ndipo chigafa chija chinagwa ndi mphepo. Mbuzi yanu yamawanga tinadya pa njala ija, inu mutangopita. Musadandaule nayo, inatipulumutsa. Nyumba yanu inagwa khoma la kumadzulo, ndiye Esinati anabzala maungu pabwinjapo, ndipo akubereka kuposa a kumunda. Anthu akuti ndi manja anu.

Esinati yemweyo, mwana wanga wotsiriza amene munkati anatenga mapazi anu, wabereka mwana wamwamuna. Mwamuna wake ndi Dayisoni, mnyamata wa ku Mulanje amene anabwera kuno kudzagwira utenanti pa esiteti. Wamanga pano pathu, ndi mkamwini waulemu, sadutsa pamaso panga atavala chipewa. Mwanayo ndi wonenepa, ali ndi mphumi ngati yanga. Imeneyi inayenera kukhala nkhani yokoma ya kalata ino. Dikirani mumve chimene ndamuchita.

Mukukumbuka chaka chimene ine ndi Lazaro tinali m'kalasi imodzi, Sitandade 3, pa sukulu yofolera udzu ija. Ine wamkulu, iye wamng'ono, koma kalasi imodzi chifukwa ine ndinayamba mochedwa. Kupitirira pamenepo kunali kupita ku sukulu yogonera komweko, ndipo malume Zakeyo, eni mbumba, anati ng'ombe yogulitsa ilipo imodzi, mwana wopita akhalanso mmodzi. Bambo anali ku Halale, osatumiza ngakhale moni. Chaka chomwecho anyani a m'phiri anavuta, ndipo inu munasankha ine kuti ndizilondera munda, chifukwa mawu anga anali aakulu ndipo mkono wanga unkaponya mwala patali. Munati, "Lazaro anyani angomuseka." Choncho kusukulu ndinkaonekako mwa apo ndi apo. Sindikukudzudzulani, Amayi. Chimanga chimene ndinalondera ndi chomwe tinadya tonse, ndi Lazaro yemwe.

Za tsiku lenilenilo sindinakuuzeni zonse. Munangomva dzina likuimbidwa m'njira. Aphunzitsi Kalimanjira anabwera m'kalasi ndi dzungu ndi bango lakupsa la mumtengo wa mango, naziika patebulo, dzungu uku, bango uko. Anatiuza kuti lero tiphunzira mmene Azungu amayerekezera zinthu. Analoza dzungu, kenaka bango, nati, "Kompeyadi tu e pampukini, e mango izi simolo." Anamasulira kuti poyerekeza ndi dzungu, bango ndi laling'ono. Umayamba kutchula chinthu choyezera, kenaka chimene chikuyezedwacho. Tinabwereza tonse, ndipo ine ndinasangalala, chifukwa ngakhale ndinajomba masiku ambiri, phunziro limenelo ndinalimva msanga.

Tili pakati pobwereza, malume anatulukira pazenera, chipewa chili m'manja. Anabwera kudzafunsa aphunzitsi kuti mwa ana awiri a mlongo wawo woyenera ng'ombe ndi uti. Aphunzitsi anatuluka, analankhula nawo pang'ono, nabwerera akumwetulira. Anachotsa dzungu ndi bango patebulo. Anaitana Lazaro, namuimika mbali imene panali dzungu. Anaitana ine, nandiimika mbali ya bango.

"Kompeyadi tu Lazaro, Simeoni izi nafing'i."

Kalasi inabwereza.

"Mokweza! Simunadye?"

Inabwereza mokweza mpaka udzu wa padenga kugwedera. Lazaro anatseka pakamwa. Aphunzitsi anamenya tebulo ndi ndodo, iye nanena. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Nawenso. Kapena Chizungu chako unasiya kwa anyani?" Ndinanena, Amayi. Ndi pakamwa panga.

Malume anasuzumira pazenera. "Aphunzitsi, akuti chiyani anawa?"

"Akuti poyerekeza ndi Lazaro, Simeoni si kanthu."

Malume anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti mwa mbuzi ziwirizi yodwala ndi iyi. Anavala chipewa, napita. Palibe amene anafunsa kuti mwanayu amakhala kuti masiku amene sabwera. Ndisanafike ndi kunyumba komwe, ana anali pambuyo panga akuomba m'manja, "Kompeyadi! Kompeyadi!"

Madzulo ake munandipeza kuseri kwa nkhokwe. Munati, "Zala za dzanja limodzi sizilingana, koma zonse zimagwira khasu." Ndinakuuzani kuti sindikulirira ng'ombe, ndikulirira dzina. Munaseka pang'ono, munati, "Dzina lachipongwe lili ngati chitedze, mwana wanga. Ukamakanda ndi pomwe limayabwa. Lisiye, lidzatha lokha." Ndinakumverani. Sindinakande. Taonani lero imvi zadzaza mutu, mano atsala owerengeka, chitedze chija chikadali pathupi.

Lazaro anapita kusukulu, anakhala kalaliki ku boma, kenaka ku Lilongwe. Ine ndinatsala ndi Sitandade 3 yanga, yokwanira kulemba kalata ngati ino ndi kuwerenga nyimbo kutchalitchi. Ndinakwatira ndili Kompeyadi. Pa esiteti akapitawo ankaitana Kompeyadi. Nditawoloka malire kukagwira ganyu ku Chipata ndinkati kumeneko ndikapuma, koma sabata isanathe kunafika munthu wa kwathu pa njinga atanyamula shuga, nakuwa pakati pa msika, ndipo a ku Zambia nawo anaphunzira. Ambiri oitana sadziwa ngakhale tanthauzo lake. Ena amayesa ndi dzina la woyera mtima.

Chiyambire matipate zinthu zinanyanya, chifukwa tsopano aliyense ndi Mzungu. Pa wailesi, pa misonkhano ya ndale, munthu sangathe chiganizo osaponyamo Chizungu, ndipo onse amakonda kuyerekeza: boma ili ndi lija, chaka chino ndi chatha. Ndikamva mawuwo pa wailesi ya Dayisoni, khosi limatembenuka lokha ngati ndaitanidwa. Tsiku lina kunabwera alangizi a zaulimi, mnyamata wa kumpoto wovala nsapato zonyezimira, kudzatiuza za mbewu yatsopano. Tinakhala pansi pa mkuyu mudzi wonse. Iye anati, "Zokolola za chaka chino, kompeyadi tu chaka chatha..." Sanamalize. Mitu yonse inatembenukira kwa ine, ndipo wina anakuwa, "Alipo, bwana! Ali kumbuyo kuno, akusinza!" Anthu anaseka mpaka amayi kugwetsa ana kumsana. Alangiziwo anangoti kakasi, osadziwa chimene alakwa. Inenso ndinaseka. Ukapanda kuseka amati ndiwe wovuta.

Pali chinthu china chimene simunamve, ngakhale munali pomwepo. Pa maliro anu, wowerenga mbiri anali mnyamata wa kwaya, mwana wa dzulodzuloli. Anaimirira pafupi ndi bokosi lanu nati, "Malemu asiya ana awiri, a Lazaro ndi a Kompeyadi." Sanachite mwachipongwe. Anabadwa akumva choncho. Palibe amene anamukonza, ngakhale mmodzi. Inu amene munanditcha Simeoni munali gone, ndipo ndinazindikira kuti dzina langa likulowa nanu m'manda.

Titamwaza maliro ndinamukokera Lazaro pambali, ndinati tiyeni tikawafune aphunzitsi aja, akabweze mawu awo. Iye anati, "Achimwene, nkhani ya nthawi ya atsamunda mukadali nayo? Munthuyo mwina anafa kale." Koma atadwala, atabwera naye kuno kumudzi kuti adzathere pakhomo, tsiku lina ndikumuthandiza kukhala tsonga pamphasa anandigwira dzanja nati, "Tsiku lija ndinatseka pakamwa. Munaona?" Ndinati, "Ndinaona. Koma unatsegula." Mukamuona mumuuze kuti sindinamusungire mangawa. Iye yekha ndiye sananditchulepo dzina limenelo moyo wake wonse.

Tsopano za mwana. Mchombo utagwa, azimayi atamutulutsa m'chikuta, Dayisoni anabwera nanjuta chapatali, nati, "Bambo, kwathu ndi kutali, ndipo akuluakulu anga anatha. Dzina mutche ndinu." Anandipatsa mwanayo m'manja. Amayi, mtima unandinyenga. Ndinaganiza kuti dzina langa lagona nthawi yaitali, bwanji ndilidzutse. Ndinkafuna ndizimva m'mudzi muno munthu akuitana kuti Simeoni, ngakhale woitanidwayo asakhale ine. Ndinati, "Uyu ndi Simeoni." Ndinamupatsa nkhuku yathadzi, amayi analulutira.

Ndinaiwala mwambo wathu womwe. Mwana akatenga dzina la wamkulu amatenga zonse za wamkuluyo. Esinati amamutcha "bambo anga". Azilamu anga okalamba amamutcha "amuna athu", namufunsa kuti sopo agula liti. Zimenezo n'zokoma. Koma anatenganso chinacho. Tsiku loyamba limene Esinati anapita naye kumjigo, ndinamva ndili pakhomo mayi wina akukuwa, "Tabwera nayeni kuno Kompeyadi wamng'onoyo timuone! Ii, mphumi yake yomweyo!" Pofika nthawi yopalira anali atalidula, akungoti Kompe.

Ndinamuuza Esinati kuti aziwaletsa. Anati, "Bambo, ndi nthabwala chabe. Ndikawakalipira ndiye likhazikika. Lisiyeni, lidzatha lokha." Ndinamuyang'ana kumapazi. Anatengadi inu.

Esinati yemweyo ndiye anawapeza aphunzitsi, mosadziwa. Atapita ndi mwana kusikelo anamva anthu akuitana anamwino kuti mayi Kalimanjira, ndipo pocheza anamva kuti bambo awo anali mphunzitsi kuno kale, tsopano akukhala nawo. Sindinachedwe. Ndinagwira tambala, chifukwa kwa wamkulu supita chimanjamanja ngakhale akhale mdani, ndipo Dayisoni anandikweza pa njinga.

Tinawapeza pakhonde dzuwa lili pamutu, ali pampando wandalema, bulangete m'miyendo. Afota, Amayi. Munthu uja ankadzaza chitseko cha kalasi tsopano mungamunyamule ndi dzanja limodzi. M'maso muli ng'ala, saona. Anamwino analandira tambala, nati, "Bambo, kwabwera alendo. Akuti munawaphunzitsa."

"Ndani?"

"Ndine Simeoni, aphunzitsi. Wa kwa Mlonyeni, mbumba ya a Zakeyo."

"Simeoni... Asimeoni ndinaphunzitsa ambiri."

"Mkulu wake wa Lazaro."

Nkhope inawala. "Lazaro! Wolemba mokongola uja! Ali kuti mwana ameneyo?"

"Anamwalira chaka chatha."

"Aa, pepa. Abwino ndiwo amafulumira."

Ndinawakumbutsa za dzungu ndi bango, za malume pazenera. Ankangopendeka mutu. Ndiye ndinanena chiganizo chija chonse, monga anandinenetsera tsiku lija. Anaseka, Amayi. Anaseka mpaka kutsokomola, mwana wawo n'kuwapatsa madzi.

"Osati nafing'i, iwe. Lilime lizikhala pakati pa mano. Tanenanso."

Sindinanene.

"Komabe zaka zonsezi ukukumbukira? Ndiye kuti phunziro linalowa! Wamva, mayi? Ana a sukulu yaulere awa sakumbukira ngakhale cha dzulo. Njira imeneyo ndinkaigwiritsa pa sukulu iliyonse imene ananditumiza. Dzungu ana amaiwala, koma mnzawo saiwala."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti tilipo ambiri, m'maboma onse amene anayendamo, aliyense ndi Lazaro wake. Kwa iwo sindinali ngakhale mdani. Ndinali bango.

Ndinati, "Aphunzitsi, mawu aja anasanduka dzina langa. Ndakalamba nalo. Tsopano lagwera mdzukulu wanga, khanda losayamba n'kukwawa komwe."

"Ine sindinakutche dzina. Anakutcha ndi anzako."

"Koma anandiyerekeza ndinu."

"Tamvetsera bwino chiganizocho. Lazaro alimo, iwe ulimo. Ine ndilimo? Chizungu chake n'chotero, woyerekezayo satchulidwa."

Ananena mokoma mtima, ngati akundithandiza kukonzekera mayeso. Ndipo n'zoona, ndachitembenuza chiganizocho uku ndi uku, iwo mulibemo. Mwala unandigenda, koma dzanja loponya silioneka.

Ndinagwada, ine nkhalamba, pamaso pa mkamwini wanga. Ndinati, "Sindikufuna ng'ombe, inadyedwa kale. Sindikufuna sukulu. Bwerani kwathu tsiku limodzi lokha. Ngolo ndibwereka, ndiyalamo matiresi. Mudzakhale pansi pa mkuyu anthu atasonkhana, mudzanyamule mwanayo, mudzanene kuti uyu ndi Simeoni, ndipo agogo akewa ndi Simeoni. M'Chizungu kapena m'Chichewa, mmene mungakondere. Anamva kwa inu poyamba, kwa inu adzamvanso."

Anamwino anayankha ndiwo. "Agogo, bambowa sayenda mtunda. Magazi amathamanga. Mukufuna akatifere m'ngolo chifukwa cha dzina losewera?"

Aphunzitsi anakweza dzanja. "Tidzaona mvula ikatha."

Tikutuluka pachipata, tambala wanga akulira kuseri kwa khitchini, aphunzitsi anakuwa ndi mawu aja a m'kalasi, "Upite bwino, mkulu wake wa Lazaro!" Dayisoni anapalasa njinga, tinabwerera. Pafupi ndi mudzi anangoti, "Bambo, ine ndizimuitana Simeoni." Ndi mwana wabwino, koma ndi mkamwini, mawu ake m'mudzi muno salemera.

Mvula inatha. Tinakolola, tinatonola, udzu wapsa m'madambo. Ndatumiza mawu kudzera mwa Esinati popita kusikelo, yankho n'lakuti bambo afooka, tidikire kutenthe. Kukatentha adzati tidikire kuzizire. Ndikudziwa, Amayi, sindine mwana.

Dzana ndinakhala pakhonde, mwanayo ali pamphasa akusewera ndi chitsononkho. Akukwawa tsopano, mano awiri atuluka. Panalibe munthu pafupi, ndiye ndinamuitana pang'onopang'ono, "Simeoni." Anapitiriza kuluma chitsononkho chake. Ndinaitananso mokweza. Osatembenuka. Kenaka panadutsa mayi wina atasenza ndowa, nakuwa ali kunjira, "Kompe!" Mwanayo anataya chitsononkho, natembenuka, naseka mpaka dovu kutuluka.

Inu munkati mawu a akulu amakoma akagonera. Ena akagonera amawola, Amayi, ndipo fungo lake limalowa m'nyumba ya adzukulu.

Chifuwa changa sichili bwino chiyambire chisanu, ndipo sindikuganiza kuti ndidzalimanso kawiri. Sindikupempha masiku ambiri. Ndikufuna chinthu chimodzi ndisanatseke maso: aphunzitsi Kalimanjira anene dzina langa ndi pakamwa pawo, anthu akumva, mwanayo ali m'manja mwawo. Ngati akana mpaka mapeto n'kufika kumeneko ine ndisanabwere, mudzawazindikira, adzafika akufunsa za Lazaro. Musawapatse mpando, musawapatse madzi. Muwafunse kuti mwana wanu woyamba dzina lake ndani, ndipo aime pomwepo mpaka atalitchula.

Ine kuno ndikulonjeza kuti m'mawa uliwonse umene ndidzuke ndidzamuika mwanayo pamwendo ndi kumuitana dzina limene munandipatsa, atembenuke asatembenuke. Moni kwa Lazaro. Ndimakukondani monga kale, ndipo za anyani zija ndinaiwala.

Ndine mwana wanu woyamba,

Simeoni